Sakudziwika pa Keyala Ino

Kornel Hennes anayenda ndi chikwama cha makalata m'tauni ya Lommerath kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo pa zaka zonsezo sanatayepo kalata ngakhale imodzi. Nkhani imeneyi sankadikira kuti wina amufunse. Ukangomupatsa moni pa sitolo ya buledi unkaimva yonse, kuyambira chaka chimene chipale chofewa chinafika m'chiuno mpaka galu wa kwa dokotala amene anamung'ambira thalauza koma kalata osaikhudza. Atapuma pa ntchito miyendo inapumadi, koma pakamwa ayi. Anadzipatsa yekha udindo wokhala nzika yeniyeni ya tauniyo, ndipo tisamunamizire, ankaugwira molimbika kuposa ena amene anachita kuvoteredwa.

Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse, makhansala akamakumana, Kornel ankakhala pa benchi ya anthu wamba kumbuyo kwa holo, tayi pakhosi, kope pabondo. Nthawi zambiri pa benchipo ankakhalapo yekha. Lamulo la benchi imeneyo ndi limodzi lokha: umamvetsera, sulankhula. Choncho mawu onse amene ankawameza m'holomo ankakawakhuthulira pa pepala kunyumba. Pa zaka makumi awiri ndi ziwiri makalata ake opita ku khonsolo anakwana 312, ambiri mwa iwo okhudza njira za anthu oyenda pansi, pakuti ndani ankadziwa miyala ya m'misewu ya Lommerath kuposa munthu amene anaipondaponda moyo wake wonse? Khonsolo inkayankha mwaulemu nthawi zonse: talandira, tathokoza, tiganizira. Mwala ndi umodzi womwe sunasunthe.

Chaka chimenecho khonsolo inabweretsa kachitidwe katsopano kotchedwa Bwalo la Nzika. Anthu makumi awiri ndi asanu adzasankhidwa mwa maere pakati pa onse okhala m'tauniyo, wophunzira ndi wosaphunzira, mwana wa sukulu wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi mpaka gogo woyenda ndi ndodo. Adzakumana Loweruka kasanu, adzamva akatswiri, adzakambirana, kenaka adzauza makhansala chochita, ndipo makhansalawo anadzimanga okha kuti adzayankha mfundo iliyonse poyera. Mutu woyamba wa bwaloli unali njira za anthu oyenda pansi.

Kornel atamva zimenezi anangotsala pang'ono kulankhula pa benchi paja. Tsiku lomwelo analembera nyuzipepala kuyamikira maere. Anati maere sayang'ana nkhope, sadziwa chipani, alibe mlamu. Anati apa ndiye demokalase yatha msinkhu. Kalatayo itasindikizidwa anaidula bwinobwino n'kuimata pa chitseko cha filiji. M'tauniyo munali anthu zikwi zisanu ndi chimodzi ndipo malo anali makumi awiri ndi asanu okha, koma mkuluyu mumtima mwake ankakhulupirira kuti maere osayang'ana nkhopewo nkhope yake yokha aiyang'ana. Anakagula tayi yatsopano yobiriwira.

Mkazi wake Odilia anangoiyang'ana tayiyo n'kunena kuti ikumukhala. Odilia anali munthu wa mawu ochepa. Anagwira ntchito yosambitsa ndi kudyetsa anthu ku nyumba yosungirako okalamba ya pamwamba pa chitunda, ndipo atapuma ankapitakobe katatu pa sabata mongodzipereka, kukawakankha pa zikuku zawo kuti akaone msika ndi manda a anzawo. Nyuzipepala ankaiyambira kumapeto, pa tsamba la maliro. Tsiku la chisankho ankavota chifukwa kuno kuvota ndi lamulo, n'kufulumira kubwerera kukaona chitumbuwa cha mpunga mu uvuni. Kornel ankamukonda, izi palibe angatsutse, koma ankamukonda monga munthu amakondera mpando wake wa pafupi ndi chitofu: umaukhalira tsiku ndi tsiku, koma suufunsa maganizo.

Kalata inafika Lolemba m'mawa, Odilia atapita kale ku chitunda. Kornel anamva bokosi la pa geti likuti kho, ndipo pa zenera anaona msana wa Marlis ukukhota pa ngodya. Marlis anali mayi wa zaka makumi asanu, amene Kornel anamuphunzitsa ntchito kalekale n'kumusiyira dera lake atapuma. Emvulopuyo anaizindikira asanavale ndi magalasi omwe: pepala lokhuthala, chidindo cha tauni, ndi mzere wofiira m'munsi wonena kuti Bwalo la Nzika, yankhani pasanafike 4 koloko masana Lachisanu la sabata yamawa, apo ayi malo anu apatsidwa kwa wina. Anapukuta manja pa malaya, anavala magalasi, n'kuwerenga dzina.

Odilia Thissen.

Kuno mabuku a boma sasintha dzina la mkazi chifukwa cha ukwati. Amabadwa ndi dzina la bambo ake ndipo amamwalira nalo lomwelo, ngakhale tauni yonse imutchule mayi Hennes kwa zaka makumi anayi. Kornel ankazidziwa zimenezi kuposa wina aliyense, popeza anaperekapo makalata otere zikwizikwi. Komabe anaima pa geti paja n'kuliwerenga dzinalo katatu ngati la mlendo. Anatembenuza emvulopu. Anapisa dzanja m'bokosi mpaka pansi, mwina muli ina. Munalibe.

Nsanje inamugwira pomwepo, ndipo sinali nsanje yaulemu yoti munthu angaiseke. Zaka makumi awiri ndi ziwiri pa benchi yozizira, makalata 312, ndiye maere n'kudumpha iye kukagwera munthu wogona naye chipinda chimodzi, amene sadziwa n'komwe kuti chitseko cha holo chimatsegukira mkati kapena kunja! Akanakhala kuti agwera munthu wa kutsidya kwa mtsinje, bwenzi atangolemba kalata ya nambala 313 n'kupepukidwa. Koma maerewo anafika pa geti pake penipeni, anagogoda, n'kufunsa wina.

Kutsegula kalata ya mwini sakanatha. Dzanja la munthu wa positi silichita zimenezo. Anaiika m'thumba la mkati la jekete n'kudziuza kuti sakuba ayi, akungoisunga, ampatsa madzulo. Madzulo anafika, Odilia anabwera atatopa, Kornel anati ampatsa mawa akapuma. Mawa linakhala mkuja.

Masiku amenewo mkuluyu anasanduka munthu wovuta kukhala naye. Supu inali ndi mchere wambiri, khofi anali wozizira, mawindo ankalowetsa mphepo. Ankamuyang'anitsitsa mkazi wake akusenda mbatata, kufunafuna chimene maere anaona mwa iye, ndipo posapeza kanthu mtima unkangopsererapsererabe. Lamlungu masana, akudya chitumbuwa cha mpunga, anayamba kumuyesa mayeso ngati akungocheza. Anamufunsa kuti makhansala a tauni ino alipo angati. Odilia anati mwina khumi. Alipo khumi ndi asanu ndi awiri. Anamufunsa amene amayang'anira za misewu. Odilia anati si uja wamtali amene mayi ake ali m'chipinda cha nambala 9 ku chitunda, amene sabwera kudzawaona? Kornel anaseka kaphwete kowawa, kenaka anafunsa funso limene linali kumudya.

"Tiyerekeze maere aja akugwerani inuyo, Odilia. Mungapite?"

"Ine? Ndikanene chiyani kumeneko? Zolankhula m'nyumba muno munatenga zonse ndinu."

Kornel anapepukidwa. Ndi zimenezotu, wakana yekha, palibe mlandu. Anali atanyamula kale foloko pamene Odilia, akusonkhanitsa nyenyeswa ndi chala, anapitiriza mwapang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mbale.

"Koma mwina ndikanakanena za mwala uja wa m'mphepete mwa msewu, pa ngodya ya sitolo ya mankhwala. Chikuku sichikwera pamenepaja. Umachita kuchitembenuza, n'kumukoka munthu chafutambuyo ngati thumba la mbatata. Mayi Lentz amatsinzina nthawi zonse, akuti amachita manyazi anthu akamawaona. Ena anasiya kupita kumsika chifukwa cha mwala umenewo."

"Pamenepo palibe vuto," anatero Kornel. "Ndapondapo ine kambirimbiri."

"Eya, mwapondapo. Inu misewu mumaidziwa ndi mapazi, ine ndimaidziwa ndi matayala."

Ananena mosafuna kulasa, n'kunyamuka kukatsuka mbale. Koma mawuwo anamulowa Kornel mpaka m'mafupa. Anakatsekula kabati ya mafayilo ake, n'kuwerenga makalata onse 312 kuyambira yoyamba. Munali nkhani ya ngalande, ya magetsi a mumsewu, ya masamba oterera a kuseri kwa tchalitchi, ya ndowe za agalu makalata khumi ndi anayi. Za mwala wa pa sitolo ya mankhwala munalibe ngakhale mzere umodzi. Apa ndi pamene nsanje inakhwima. Poyamba ankadandaula kuti maere agwera munthu wosadziwa kanthu. Tsopano ankaopa china choposa pamenepo: kuti Odilia akaimirira m'holo muja, ndi juzi yake yotuwa, akanena mawu khumi okha, makhansala akalemba, ndipo mwala ukasuntha. Anthu pa sitolo ya buledi adzati, mwaona, mayi Hennes anangopita kamodzi. Nanga amuna awo aja zaka zonsezi ankatani?

Lachitatu, kutatsala masiku awiri, Kornel anaitulutsa emvulopu ija m'jekete. Inali itapindika m'makona chifukwa cha kutentha kwa thupi lake. Anadziuza zinthu zambiri zomveka bwino. Odilia wanena yekha kuti sangapite. Akapanda kuyankha adzachitanso maere, ndipo ndani akudziwa kumene angagwere? Ndiponso pa bokosi la pa geti, limene iye mwini analipenta, palembedwa HENNES basi, Thissen palibepo. Munthu akafuna kulakwa sasowa malamulo omuthandiza. Anatenga cholembera chake chakuda, ndipo ndi zilembo zake zoongoka zija zimene akuluakulu a positi ankaziyamikira, analemba mawu amene analembapo pa makalata a anthu osamuka ndi omwalira: Sakudziwika pa keyala ino. Anakaiponya m'bokosi lofiira la positi la pa ngodya, n'kubwerera kunyumba akuyenda mofulumira ngati wina akumuitana.

Ankayembekeza kupepukidwa, koma sizinatero. Lachinayi lonse ankangozungulira m'nyumba, kukonza zinthu zosawonongeka. Anamugulira Odilia maluwa, zimene sanachitepo chiyambire chaka chimene anapuma pa ntchito, ndipo Odilia anamufunsa ngati akumva bwino m'thupi. Ngakhale pamenepo nsanje sinamusiye. Ankamuona akuika maluwawo m'botolo n'kumaganiza kuti, tamuonani, munthu wosankhidwa, ndipo sakudziwa n'komwe.

Paja akuluakulu anati choipa chitsata mwini. Lachisanu cha m'ma 10 koloko m'mawa belu la pakhomo linalira. Odilia ndiye anatsegula, atavala kale chikhoti kuti azipita ku chitunda. Kornel anali m'khitchini ndi kapu ya khofi, ndipo atamva mawu a Marlis kapuyo inaima m'malere.

Marlis anapepesa kaye chifukwa chosokoneza. Anati potsegula bokosi lofiira anapezamo kalata imene iye yemwe anaipereka pa nyumba ino sabata yatha, ndipo wina walembapo kuti mwini wake sakudziwika. Anati akanatha kungoibweza kumene inachokera, koma amene anamuphunzitsa ntchito anamuuza lamulo limodzi limene sanaliiwale. Apa anakweza mawu pang'ono kuti afike m'khitchini.

"Anati, Marlis, kalata sibwezedwa usanagogode makomo atatu. Ndiye ndagogoda awiri, mayi. Kwa aneba anu akuti akumudziwa Odilia Thissen, ndi amene anawasambitsira bambo awo mpaka tsiku lomaliza. Pa sitolo ya buledi akuti akumudziwa kuyambira ali ku sukulu. Khomo lachitatu ndi lino."

"Zikomo, Marlis," anatero Odilia.

"Moni kwa bambo Hennes. Muwauze kuti zolemba zawo sizinakalambe."

Chitseko chinatsekedwa. Odilia analowa m'khitchini osavula chikhoti, anatenga mpeni wa buledi, anaitsegula kalatayo n'kuiwerenga kawiri, milomo ikugwedera pang'ono monga amachitira powerenga za maliro. Kenaka anatembenuza emvulopu n'kuyang'ana zilembo zakuda zija kwa nthawi yaitali. Kornel anafuna kuti mkaziyo akalipe, aswe mbale, achite chilichonse. Odilia anangokhala pansi moyang'anana naye.

"Zaka makumi anayi ndi chimodzi, Kornel. Ndiye sindikudziwika pa keyala ino?"

Kornel anayamba kufotokoza za bokosi la pa geti, za dzina la Thissen, za mawu amene Odilia ananena yekha Lamlungu. Odilia anamuleka alankhule mpaka mawuwo anatha okha, pakuti bodza likasowa womutsutsa limatopa msanga.

"Ndinati sindikudziwa chokanena," anatero Odilia. "Sindinati sindikufuna. Munandifunsa muli ndi kalata yanga m'thumba?"

"Inde."

"Chifukwa chiyani?"

"Nsanje," anatero Kornel, maso ali pa tebulo. "Malo amenewo ndinkawaona ngati anga. Ndawadikira zaka zonsezi. Inu simunawafune n'komwe."

Odilia analoza filiji ndi mpeni uja, pamene panali kapepala ka m'nyuzipepala kachikasu kale m'mphepete. Sanawerenge mokweza, panalibe chifukwa. Anapempha cholembera, ndipo Kornel anampatsa chakuda chomwe chija popeza ndi chimene chinali pafupi. Pa fomu panali mabokosi awiri, Inde ndi Ayi. Odilia anawayang'ana kanthawi, ndipo Kornel, Mulungu amukhululukire, anali akupempherabe mumtima kuti cholemberacho chitsetserekere kumanja, pa Ayi. Chinapita pa Inde. Odilia anasaina dzina lake lonse, Odilia Thissen, pang'onopang'ono ngati akuliyesa ngati likumukwanabe.

M'kalatamo munali emvulopu ina yoyera yobwezera yankho. Odilia anaikankhira pambali. Anapinda fomu n'kuibwezera mu emvulopu yakale yomweyo, yolembedwa ndi dzanja la mwamuna wake, n'kuikankhira kutsogolo kwake.

"Mayi Lentz akundidikira, lero ndi tsiku lokaona manda a amuna awo, sindingawakhumudwitse. Ofesi ikutseka 4 koloko. Inu ndinu wa positi, simunatayepo kalata. Kaperekeni."

Anamanga mpango wake n'kutuluka, osatembenuka.

Kornel anakhala pa tebulopo mpaka khofi anazizira, kenaka mpaka belu la tchalitchi linalira 12 koloko, kenaka 2 koloko. Manyazi anali nawo, ambiri ndithu, koma wina asaganize kuti manyazi amapha nsanje. Ziwirizi zimagona mphasa imodzi bwinobwino. Cha m'ma 3 koloko anavala jekete, anaiyang'ana tayi yobiriwira ija n'kuisiya pa msomali, anatenga ambulera chifukwa kunja kunali kamvula ka tsiku ndi tsiku, n'kuuyamba ulendo wa ku holo.

Pa ngodya panali bokosi lofiira lija. Miyendo inaima yokha. Kornel ankadziwa ndondomeko yake pamtima: makalata a m'bokosi limeneli amatengedwa 5 koloko, amakagona kumzinda, amafika ku holo Lolemba. Lolemba malo a Odilia adzakhala atapita kwa wina. Ndipo ndani angamunene? Anamuuza kuti akapereke kalata, iye waiponya m'bokosi la positi monga amachitira munthu aliyense. Ngati yachedwa, yachedwa panjira. Anatukula kachitseko ka bokosilo. Theka la emvulopu linalowa. Mvula inkagogoda pa ambulera, mumsewu munalibe munthu.

Sikuti anaibweza chifukwa cha ubwino wa mtima ayi. Chimene chinamugwira dzanja chinali kufuna kutsimikiza kaye kuti mkaziyo akunama. Sitolo ya mankhwala inali mapazi makumi atatu okha kuchoka pamenepo. Anasolola emvulopu, anapita pa ngodyapo, n'kuwerama ndi bondo lake lovuta lija. Mwalawo unali wamba, wotuwa, wotalika ngati chikhatho chimodzi. Anaupondapo mwina maulendo zikwi khumi, phazi likukwera lokha. Koma atauyang'anitsitsa anaona kuti m'mphepete mwake munali mizere yakuda ya labala, yambirimbiri, iwiriiwiri, ina yakale ina yatsopano, pamene matayala ankagunda n'kubwerera. Pambali pake mwalawo unali wosalala, woperepeseka ndi zitsulo za zikuku zokokedwa chafutambuyo. Zonsezi zinalembedwa pamenepo zaka ndi zaka, poyera, ndipo munthu wodziwa kuwerenga keyala iliyonse m'tauni muno sanaziwerenge.

Anadzuka movutikira. Nsanje inamuluma koposa kale, chifukwa tsopano anadziwa kuti Odilia akunena zoona ndipo akamveka. Koma anadziwanso china chimene sakanatha kuchizemba. Kalatayi ikalowa m'bokosi lofiira, mwala uwu ukhala pompano zaka zina makumi awiri, mayi Lentz azitsinzinabe, ndipo amene adzakhale atauteteza mwalawo si khonsolo yogona ija imene iye wakhala akuinyoza. Adzakhala Kornel Hennes, nzika yeniyeni. Anaika emvulopu mkati mwa jekete kuti isanyowe, n'kuyamba kukwera chitunda cha ku holo, akutukwana bondo lake, maere, ndi tsiku limene anaphunzitsa Marlis za makomo atatu.

Anafika kutatsala mphindi khumi ndi ziwiri. Pa kauntala panali bambo Zeimers, kalaliki wa dazi amene anadinda makalata onse 312 ndi dzanja lake, ndipo atamuona anausa moyo mosabisa.

"Bambo Hennes. Ya nambala 313? Lachisanu madzulo chonchi, simungatichitire chifundo?"

"Si yanga," anatero Kornel. "Ndangotumidwa."

Zeimers anatulutsa fomu, anaona Inde, anagwedeza mutu mokondwa n'kunena kuti ameneyu ndiye anali womaliza, amangotsala pang'ono kuchitanso maere. Kenaka maso ake anagwera pa emvulopu, nkhope n'kusintha. Anati apa pali vuto. Bwaloli ndi la anthu okhala m'tauni muno, ndipo pa emvulopu palembedwa kuti munthuyu sakudziwika pa keyala yake. Iye sangalembe dzina la munthu amene mwina anasamuka.

"Sanasamuke. Amakhala pomwepo."

"Nanga analemba izi ndani?"

Zeimers ankazidziwa zilembo zimenezo kuposa za mkazi wake yemwe. Waziwerenga zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anafunsa akuyang'ana emvulopu, osati Kornel, ndipo chimenecho chinali chifundo chachikulu chimene kalaliki angachite.

"Ndine," anatero Kornel. "Ndinalemba ndine. Ndi mkazi wanga."

"Ndiye mukonze, musaine m'munsimo ndi tsiku la lero. Ine ndikufuna pepala lonena zoona basi."

Anamupatsa cholembera chomangidwa ndi kachingwe. Kornel anayang'ana mawu ake aja. Anali wokonzeka kulemba ndime yonse yofotokoza, monga mwa chizolowezi chake, ndi poyamba, pachiwiri ndi pomaliza. Koma atayang'anitsitsa anaona kuti panalibe choti awonjezere. Anangodula mzere umodzi pa chilembo choyamba, S uja, ndipo mawu otsalawo anati: akudziwika pa keyala ino. Anasaina.

Zeimers anawerenga, anadinda chidindo, natembenukira ku kompyuta n'kulemba dzinalo pa mndandanda pomwepo, Kornel akuona: nambala 25, Odilia Thissen. Anati msonkhano woyamba ndi Loweruka la pa 3 mwezi wamawa, 9 koloko m'mawa, khofi ndi masikono zidzakhalapo za osankhidwa okha. Anawonjezera, akutseka kabati, kuti anthu wamba akuloledwa kudzaonerera, benchi ndi yomwe ija ya kumbuyo, koma salankhula.

"Benchiyo ndikuidziwa," anatero Kornel.

Panja mvula inali isanakate. Anaima pa masitepe a holo akulimbana ndi ambulera, ndipo nsanje inali pomwepo pansi pa nthiti, yamoyo, yosasuntha. Ankadziwa kuti pa 3 paja idzamuwawa koposa, Odilia akadzaimirira ndi juzi yake yotuwa anthu onse n'kukhala chete, iye ali kumbuyo ndi kope pabondo. Ankadziwanso kuti adzapita, ndipo kuti kunyumba kukumudikira mkazi amene sananene kuti wakhululuka. Akutsika sitepe yoyamba anaiwerengera nkhani yonse monga munthu wa positi amawerengera katundu wake pomaliza tsiku. Makalata 312 analembera khonsolo imeneyi, ndipo onse anayankhidwa kuti tiganizira. Chimene khonsoloyo inachilandira ndi kuchichita tsiku lomwelo, iye ataima pomwepo, chinali chilembo chimodzi chimene anafufuta.